Maola 46 mapaipi ali opanda madzi: zimene zinachitika pa sikimu yathu ku Mzuzu

Ndikulemba lipotili chifukwa komiti inandipempha, komanso anzanga angapo amene amayendetsa masikimu a madzi ang'onoang'ono ngati yathuyi kuno ku Mzuzu ndi ku Ekwendeni akhala akundiimbira kufunsa kuti kodi chinachitika ndi chani kwenikweni, nde ndaona kuti bola ndilembe kamodzi zonse mmene zinayendera. Ine ndine pulambala, zaka 14 pa ntchitoyi, ndipo zaka 5 zapitazi ndi ine amene ndimayang'anira pampu, mapaipi ndi kolorini pa sikimu ya komiti yathu. Dzina la dera komanso maina a anthu sindiika.

Sikimu yake ndi yotere. Tili kumphepete kwa tauni, kumtunda kumene mapaipi a Northern Region Water Board ochokera ku damu la Lunyangwa sanafike, nde anthu amadalira ife. Tili ndi chitsime chobowola cha mamita 60 chokhala ndi pampu ya magetsi ya three-phase, imakoka malita 3,000 pa ola. Madzi amakwera mu mathanki awiri a malita 10,000 iliyonse, pamenepo timathira kolorini, kenako amatsika okha mmalaini awiri. Laini ya kumtunda ili ndi kiyosiki 1 ndi 2 ndi nyumba zambiri za mamita owerengera madzi, laini ya kumunsi imadutsa pa kakhwawa nkukafika pa kiyosiki 3 ndi 4 kufupi ndi dambo. Nyumba zokhala ndi mpopi pakhomo zilipo 38, kuphatikizapo kasukulu ka mkaka kamodzi. Anthu onse amene amamwa madzi athu ndi pafupifupi 1,200 ndipo tsiku wamba amatha malita 26,000. Mukawerengera muona nokha kuti mathanki athu olo atadzaza thoo sakwana tsiku limodzi, izi tinkazidziwa kuyambira kale.

Pulani ya zadzidzidzi tinali nayo. Tinailemba mu 2023 kolera itangotha kuvuta, mukukumbuka ija inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 nkufalikira dziko lonse mpaka ku Nkhata Bay pafupi pomwepa, anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Nthawi imeneyo aliyense wa zamadzi anali ndi mantha, ifenso tinakhala pansi masana atatu nkulemba masamba 11. Munali zonse zimene munthu angayembekezere, magetsi akazima tichite chakuti, pampu ikapsa tiimbire uje, kolorini azikhalapo wa miyezi iwiri. Fayiloyo inali mu kabati ku ofesi ya komiti.

Mvula inayamba Lolemba sabata yachiwiri ya Epulo. Amene mumakhala ku Mzuzu mukuidziwa mvula ya Epulo, ija yosachita phokoso koma yosakata, dothi limangomwa mpaka kufewa ngati phala, ndi yomweyo inagwetsa nyumba ku Chibavi, Chibanja ndi Masasa mu Epulo 2016. Lachitatu mma 9 koloko usiku mtengo wa bulugama unagwera mawaya nkuzula mapolo awiri, dera lonse mdima. Nthawi imeneyo mmathanki munali malita pafupifupi 15,000 chifukwa pampu timakonda kuiyatsa usiku. Ndinamva kuti magetsi azima koma ndinagona, mmutu mwanga ndinkati pofika mmawa abwera ngati masiku onse. Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba. Ndikanadzuka nkupita kukaona ndikanapeza mapolo ali pansi nkudziwa kuti iyi si nkhani ya maola awiri.

Pulani imati magetsi akazima kupitirira maola 6 titseke nthambi zopita mmanyumba, madzi azingotuluka pa makiyosiki, banja lililonse zigubu zowerengeka. Masamu ake ndi osavuta. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 15 pa munthu patsiku, zikathina kwambiri 7.5 kwa masiku ochepa. Pa 7.5 anthu 1,200 amafuna malita 9,000 patsiku, kutanthauza kuti 15,000 ija ikanatifikitsa Lachisanu usiku. Koma Lachinayi pofika 11 koloko mmawa mathanki anali atauma.

Zinachitika ndi izi. Mavaluvu a nthambi za mmanyumba ali mu chemba ya simenti yokhala ndi loko, kiyi wake anali mmodzi yekha ndipo anali mthumba mwa mnyamata wathu woyatsa pampu, iyeyo anali atapita ku maliro ku Nkhata Bay Lachiwiri. Palibe cholakwa chake, anatsanzika bwinobwino, ife ndi amene sitinaganize zomufunsa kiyi. Ndinafika mma 7 ndi sowo yodulira zitsulo, koma chembayo inali itakwiririka ndi matope okokoloka kumtunda, tinayamba tafukula ndi makasu, kudula loko, nkupeza valuvu imodzi yagwira dzimbiri siikutembenuka olo ndi sipanala yaikulu chifukwa chiiikireni palibe anaitsekapo. Mmene zonsezi zimachitika anthu a mmanyumba anali atamva kale kuti mapolo agwa, aliyense akudzaza migolo, mabafa, mapoto. Sindikuwadzudzula, inenso ndikanakhala ndi mpopi pakhomo ndikanachita chimodzimodzi. Koma zotsatira zake nzoti nyumba 38 zinatenga gawo lalikulu ndipo amayi a pa kiyosiki 4 amene ali kumapeto kwa laini ambiri anabwerera ndi zigubu zopanda kanthu.

Pali chinthu china chimene ndinachiona tsiku lomwelo koma sindinachitsatire, ndipo mpaka pano chimandiwawa. Madzulo ndinazungulira kuwerenga mamita onse, ndinapeza kuti madzi amene anadutsa mmamita ndi malita 11,000 basi. Nanga 4,000 enawo anapita kuti? Ndinangoti mwina ndinayerekeza molakwika mulingo wa mthanki usiku uja, nkuzisiya. Chonsecho manambalawo amandiuza kuti penapake paipi yathyoka.

Nkhani ya jenereta nayo inatidyera tsiku lathunthu. Mu pulani munali nambala ya bambo wina wa mderali amene analonjeza kuti adzatibwereka yake. Anabweradi nayo pa wilibala mvula ili mkati, munthu wabwino kwambiri, koma itafika tinapeza kuti ndi ya single-phase, ya mafiriji ndi ma TV, pampu yathu singadzuke nayo. Polemba pulani palibe anafunsa funso limeneli, tinangolemba kuti jenereta ilipo. Ya three-phase tinakaipeza Lachisanu madzulo kwa mkulu wina wowotcherera zitsulo cha ku Luwinga, kulipira galimoto yonyamula, kugula dizilo malita 40 ndi ndalama zimene aTcheya anachita kubwereka chifukwa za komiti zinali ku banki ndipo wosainira wachiwiri kunalibe. Kenako pa bodi yathu panalibe switchi yosinthira ku jenereta, nde tinadikira wa zamagetsi mpaka Loweruka mbandakucha kuti alumikize bwinobwino, ine sindikanalola kungolumikiza mwachidule poti magetsi akabwerera mwadzidzidzi mutha kupha munthu amene akukonza mawaya kutsogoloko. Bauza, galimoto zonyamula madzi zija, tinayesa kufunsa mmalo awiri, zinali zitatanganidwa kale kwina, ndipo kunena zoona msewu wathu mmene unalili olo ikanapezeka sikanakwera.

Masiku awiri amenewo anthu sanasiye kumwa madzi, ichi ndi chimene ife a mapaipi timaiwala. Mpopi ukauma mayi sakhala pansi kudikira, amatenga ndowa kupita kudambo kumene kuli zitsime zokumba ndi manja, zosaphimba, zina zili mamita ochepa kuchoka pa zimbudzi zimene nthawi imeneyo zinali zitasefukira. Amene anatipulumutsa apa ndi alangizi a zaumoyo awiri a mdera lathu. Lachinayi masana ndinawaimbira, pofika 3 koloko anali atasungunula kolorini wa 1%, uja timapanga ndi magalamu 15 a HTH (kolorini wa ufa) mu lita imodzi ya madzi, nkukhala panjira yochokera kudambo kumathira mu chidebe chilichonse chodutsa. Pa chigubu cha malita 20 mamililita 4 amapereka 2 mg pa lita, madzi akakhala a matope mumawirikiza kawiri, ndipo munthu adikire mphindi 30 asanamwe. Ambiri anatungira a mvula a padenga, amenewonso tinkawauza kuti athire kapena awiritse. Manambala a alangiziwa mu pulani munalibe, anali mu foni mwanga mwamwayi chabe.

Tsopano Loweruka, limene ndi tsiku lenileni la lipotili.

Pampu inadzuka 6 koloko mmawa. Ndinathira kolorini mthanki, ndinamuuza mnyamata wathu, amene anali atabwerako Lachisanu usiku, kuti asatsegule laini iliyonse mpaka ndibwere, ine nkutsika pa kabaza kukagula mapilitsi a DPD oyezera kolorini mtauni chifukwa amene tinali nawo anali atatsala 3 okha. Koma tangoganizani, jenereta ikulira dera lonse likumva, amayi ali pa mzere kuyambira 5 koloko ana ali kumbuyo, mabuloko lida akubwera mmodzimmodzi kumufunsa mwana wa zaka 23 kuti iwe madzi ali mthanki ukukaniza chifukwa chani. Mma 9 anatsegula malaini onse awiri. Anandiuza pambuyo pake kuti, "Bwana, ndinaona ngati tikuwazunza anthu, madzi ndi omwe aja timawapatsa masiku onse." Ndipo pulani yathu sinanene kalikonse zotsutsana naye, masamba 11 onse aja amakamba za madzi akasowa, panalibe olo mzere umodzi wonena zochita madzi akamabwerera.

Ndinafika pa kiyosiki 3 mma 10. Amayi ogulitsa pamenepo anandiitana ndisanatsike nkomwe, "Adada, tabwerani muone, madziwa akubwera ofiira ndipo kafungo kake sikali bwino, ine ndasiya kugulitsa." Anali atatseka okha mpopi patatha mphindi ngati 20, nzeru zawo zokha, palibe anawaphunzitsa. Koma pa kiyosiki 4 mtsikana amene anagwirizira tsikulo anapitiriza, iye ankati ndi dothi chabe likhazikika. Ndinayeza. Pa thanki kolorini anali 0.6 mg pa lita, pa kiyosiki 1 ndi 2 anali 0.4, pa 3 ndi 4 madzi mu kachubu sanasinthe mtundu olo pang'ono, ziro. Ndinathamanga kukatseka laini ya kumunsi. Titawerenga mu kope la malonda, zigubu ndi ndowa 43 zinali zitapita kale mmakomo.

Ndifotokoze bwino apa chifukwa anzanga ambiri amene ndakamba nawo amaona ngati paipi yothyoka vuto lake ndi kutaya madzi basi. Paipi ikakhala yodzaza, puresha imakankhira kunja, nde olo pakhale mng'alu madzi amatuluka, zakunja sizilowa. Thanki ikauma zinthu zimatembenuka. Madzi otsala mu laini amatsetsereka kupita kumunsi, anthu akumunsi amasiya mipopi yotsegula kudikira kadontho komaliza, kumbuyo kwake mumatsala mpweya wokoka ngati munthu akuyamwa ndi kapaipi, ndipo chilichonse chimene chazungulira mng'alu uja chimalowa. Kwathu kuno ku Mzuzu malo ndi okwera ndi otsika, nde kukokako kumakhala kwamphamvu. Laini yathu inakhala chomwecho maola 46, kuyambira Lachinayi 11 koloko mpaka Loweruka 9 koloko. Madzi abwino atabwera anangokankha zonse zimene zinalowazo kupita nazo ku mpopi, ndipo kolorini wochepa amene anali mmadzimo anathera mnjira kulimbana ndi zonyansazo.

Tinatsata laini wapansi ine ndi anyamata awiri. Pa kakhwawa paja dothi linali litagumuka, paipi ya PVC ya mamilimita 50 ili pamtunda itapindika, yang'ambika pa joini kutalika ngati chikhatho. Pamwamba pake, masitepe osakwana 10, pali zimbudzi ziwiri za nyumba za lendi zimene zinamangidwa paipi itadutsa kale, chimodzi chinali chitagwa mbali imodzi ndipo madzi ake amatsikira pomwepo. Nditaona zimenezo mmimba munanditentha. Ndi pamene panapita malita 4,000 aja.

Choyamba sichinali kukonza paipi, chinali zigubu 43 zija. ATcheya anaima pa mpingo wina wapafupi kubwereka chimkuzamawu, tinagawana, iwo akulengeza mu Chichewa amayi ena a mu komiti mu Chitumbuka, kuti aliyense amene watunga pa kiyosiki 3 ndi 4 mmawa uno asamwe, asaphikire, asatsukire mbale za ana. Uthenga tinaponyanso pa gulupu ya WhatsApp koma mafoni ambiri anali atazima masiku atatu opanda magetsi, nde chimene chinagwira ntchito ndi kope la malonda lija, amayi a pa kiyosiki amadziwa makasitomala awo pafupifupi onse ndi nkhope, tinayenda khomo ndi khomo ndi alangizi a zaumoyo. Pofika 1 koloko tinali titapeza 37. Mwa zimenezi 8 anali atayamba kale kugwiritsa ntchito. Zotsala 6 sitinazipeze.

Mawu olengeza aja tinakangana nawo pang'ono mu komiti, ndilembe chifukwa zidzachitikanso kwina. Ena ankati tingonena kuti madzi ali ndi dothi, tikatchula chimbudzi anthu adzatithawa mpaka kalekale. Ine ndinakana ndipo ndikanakananso lero. Munthu ukamuuza kuti ndi dothi amangodikira likhazikike nkumwa, kwathu kuno madzi ofiira si chinthu choopsa kwa wina aliyense. Tinanena mmene zinalili, kuti paipi inathyoka pafupi ndi chimbudzi. Anthu anakwiya, bambo wina anandilozera chala pamaso, koma madziwo anataya.

Ndisanakhudze chilichonse ndinatenga masampulo mmabotolo owiritsa, pa thanki, pa kiyosiki 1 ndi pa kiyosiki 4, kuwaika mu kabokosi ka ayezi nkuwatumiza ku labu mtauni tsiku lomwelo, poti sampulo ikagona kunja zotsatira zake sizidalirika. Kenako tinadula chigawo chong'ambikacho, kuika paipi yatsopano ya mamita 6 ndi masoketi awiri, kuichirikiza ndi matumba a mchenga. Tinatsegula mapeto a laini kutsuka mpaka madzi kuyera. Ndiye kupha tizilombo mkati mwa paipi, laini ya kumunsi ndi mamita ngati 600, imasunga malita 1,100 ndi kanthu. Ndinapatula thanki imodzi nkusiyamo malita 3,000, pofuna 50 mg pa lita pamafunika magalamu 150 a kolorini weniweni, pa HTH wa 65% ndi magalamu ngati 230.

Apa panatulukanso vuto lina. HTH wathu, uja pulani imati azikhalapo wa miyezi iwiri, analipodi, koma chidebe chake chinkasungidwa mu kanyumba ka pampu kotentha ndi kachinyezi, chivindikiro chosatseka bwino, anali atagwirana ngati mwala ndipo fungo lake linali lofooka. Ndi chifukwa chake mmawa uja ndinathira mulingo woti ufike 1.5 koma pa thanki ndinapeza 0.6 yokha. Alangizi anatibwereka wawo watsopano. Tinadzaza laini, kutsegula mpopi uliwonse mpaka fungo la kolorini limveke kenako kutseka, kumanga mipopi yonse ndi waya ndi kuika munthu pa kiyosiki iliyonse, nkusiya maola 24. Lamulungu madzulo tinatsuka, madzi a kolorini wambiriwo tinawatayira pa dothi kutali ndi dambo chifukwa kumunsiko anthu ali ndi maiwe a nsomba ndi madimba.

Masiku amenewo anthu a kumunsi ankakwera kudzatunga pa kiyosiki 1 ndi 2, komwe ndinakweza kolorini kufika 1.0 pa mpopi. WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, imati masiku wamba pa mpopi pasachepere 0.2 mg pa lita, ndipo pothira pakhale 0.5 patatha mphindi 30 madzi ali oyera, koma kukakhala chiopsezo cha kolera pa mipopi ya anthu ambiri pamafunika 1.0 chifukwa madziwo akakhalanso mu chigubu kunyumba tsiku lonse, ana akupisamo makapu. Anthu anadandaula fungo, ena ankati tiyi sakukoma, tinkangowafotokozera. Sitinalipiritse aliyense masiku 4 amenewo.

Zotsatira za ku labu zinabwera Lolemba. Thanki ndi kiyosiki 1 zinali bwino, sampulo ya kiyosiki 4 inali ndi E. coli, tizilombo tosonyeza kuti mmadzi mwalowa zachimbudzi, wochuluka moti sanathe kuwerenga. Muyezo wa MS 214 wa Malawi Bureau of Standards komanso wa WHO pa madzi a mmipopi othiridwa mankhwala ndi umodzi, mu mamililita 100 musapezeke olo mmodzi. Ndinatenganso masampulo Lolemba ndi Lachiwiri, onse awiri anatuluka ziro, kolorini kumapeto kwa laini 0.7, nde Lachitatu masana tinatsegula kiyosiki 3 ndi 4. Ena mu komiti ankafuna titsegule pa sampulo yoyamba, ine ndinaumirira ziwiri. Magetsi anali atabwera Lamulungu.

Za odwala, alangizi analemba ana 9 ndi akulu 2 amene anatsegula mmimba sabata imeneyo kumunsi kuja. Onse analandira Thanzi ORS, ana anapatsidwanso zinc, mwana mmodzi wa chaka ndi miyezi anagonekedwa masiku awiri nkutuluka bwino. Kolera sinapezeke. Ena mwa mabanjawa anamwa a kudambo, ena anali pa mndandanda wa zigubu 8 zija, ife mu komiti tinagwirizana kuti onse 11 tiziwawerengera kuti ndi athu, chifukwa olo amene anapita kudambo anapitako poti thanki yathu inauma Lachinayi mmalo mwa Lachisanu usiku. Ndinapita kukaona mayi wa mwana uja atatuluka, sanandikalipire, anangondifunsa kuti, "Achimwene, nde pano tizimwa kapena tiziwiritsabe?" Ndinayeza madzi a mu ndowa yawo iwo akuona.

Pa nkhani ya malamulo ndinene maganizo anga. Mabodi a madzi asanu a dziko lino amagwira ntchito pansi pa Waterworks Act ya 1995, zilolezo zotunga madzi zili pansi pa Water Resources Act ya 2013 kudzera ku National Water Resources Authority, ndipo mu 2023 kunabwera Disaster Risk Management Act mmalo mwa lamulo lakale la 1991. WHO nayo kuyambira 2004 imalimbikitsa kuti wopereka madzi aliyense akhale ndi Water Safety Plan, kutsata madzi kuchoka pa gwero mpaka pa kapu ya munthu nkuona pamene pangalowe vuto. Ku America anafika pokhwimitsa, lamulo lawo la 2018 limati wopereka madzi kwa anthu oposa 3,300 aunike ziopsezo zake, alembe pulani ya zadzidzidzi, atsimikizire boma kuti wachita, ndipo azibwereza zaka 5 zilizonse. Chimene chinandigwira mtima pamenepo ndi kubwerezako. Yathu tinalemba kamodzi nkutsekera mu kabati, ndipo olo kumeneko sikimu ya anthu 1,200 ngati yathu ikanakhala pansi pa mzere wa 3,300 uja, lamulolo silikanaikhudza. Koma kuno kwathu masikimu ang'onoang'ono ngati amenewa ndi amene akumwetsa anthu mmadera amene tauni ikukulira mofulumira kuposa mapaipi. Ine ndingakonde kuti popereka kapena kukonzanso chilolezo munthu azibwera pamalo, osati kudzaona fayilo, koma kunena kuti tatsekani valuvu iyi ndione, tayatsani jenereta, tayezani kolorini pano. Mphindi 30 zokha zikanatulutsa mavuto athu anayi.

Nkhani ya magetsinso tisamaitenge ngati yachilendo. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya pafupifupi ma megawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anasiya madera ambiri a Blantyre opanda madzi masiku angapo. Aliyense amene pampu yake imadalira waya umodzi adziwe kuti tsiku lake likubwera.

Zimene tasintha chichitikireni izi. Masamba 11 aja tawasiya mu kabati momwemo, mmalo mwake pali pepala limodzi lokutidwa ndi pulasitiki, lakhomedwa mu kanyumba ka pampu, pa kiyosiki iliyonse ndi kwa aTcheya. Kutsogolo kuli zochita madzi akamatha, kuseri kuli zochita akamabwerera, ndipo kuseriko mzere woyamba ukuti laini imene yakhala yopanda madzi isatsegulidwe kwa anthu isanayendedwe wapansi, kutsukidwa ndi kuyezedwa kumapeto kwake. Mzere umenewu komiti yonse ndi mabuloko lida anasainira, cholinga mnyamata wathu akadzapanikizidwanso adzangoloza pakhoma, asadzasenze yekha. Makiyi a chemba alipo atatu kwa anthu atatu. Mavaluvu onse timawatseka ndi kutsegula Loweruka loyamba la mwezi, dzimbiri lija lisabwerere. Magetsi akangozima usiku wina amapita kukaona chifukwa chake, ndipo tikatseka timatseka nthambi za mmanyumba ndi kuchepetsa pa mipopi koma thanki timasiyamo malita 2,000 osakhudza kuti laini ikhale yodzaza. Switchi ya jenereta tinaika, tinagwirizana ndi mkulu wa ku Luwinga uja polemba, ndipo tinabweretsa jenereta yake tsiku lina kuli dzuwa kudzayesa, inadzutsa pampu bwinobwino. HTH timagula wochepa pafupipafupi, amakhala mu chipinda chozizira chouma, tsiku lotsegulira lalembedwa pa chidebe. Amayi onse a pa makiyosiki pano amadziwa kuyeza ndi DPD, aliyense ali ndi kachubu kake, ndipo ali ndi mphamvu yotseka mpopi osafunsa munthu. Amene anaphunzitsa anzawo ndi amayi a pa kiyosiki 3 aja.

Chimene sichinatheke mpaka pano ndi paipi ya pa kakhwawa. Ikadali pomwe paja pa matumba a mchenga, pansi pa zimbudzi zija, chimodzi eni ake anakwirira koma china chikugwirabe ntchito chifukwa alendi alibe kwina kopita. Kuti tiilambalalitse pakufunika mamita 140 a paipi ya HDPE ndi zipilala ziwiri za simenti zowolotsera, komanso chilolezo cha eni malo awiri, mmodzi wavomera winayo akuti tidikire mwana wake wa ku Lilongwe. Mu akaunti muli ndalama zokwana theka. Komiti ikumana pa 14 mwezi wa mawa kukambirana zokweza mtengo wa chigubu kwa miyezi 4, ndipo ine ndawauza kuti ngati ngalande siikumbidwa pofika Okutobala, mvula ikadzayamba laini ya kumunsi ndizidzaiyenda wapansi mmawa uliwonse ndisanalole kiyosiki 3 ndi 4 kutsegula.